Dzenje pa Madigadi a Dona

Lachitatu m'mawa a Nyundo atavundukula chinsalu cha Dona, anaona zoopsa. Madigadi akutsogolo, mbali ya kumanzere, anali atapindikira m'kati. Dzenje lake loti chibakera n'kulowamo chonse.

Dona ndi galimoto yawo yachikasu, yamakedzana, yamaso ozungulira, yomwe anaigula asanakwatire. Akazi awo ankaitchula kuti "mkazi mnzanga", ndipo sankanama, poti Dona ankapukutidwa kawiri pa tsiku pomwe iwo ankangofunsidwa ngati tiyi wapsa. Chiwongolero sanachikhudzepo munthu wina. Mayiwo ndiye ankakwera atatsinzina, akuti liwiro limawachititsa chizungulire.

Dzina loti Nyundo analitola kuntchito. Zaka makumi anayi akuwongola magalimoto ochita ngozi zinawasiyira manja aluso, koma zinawalanda makutu. Akavula kachipangizo ka m'khutu n'kugona tulo tawo tamasana, ngakhale denga litagwa sangatembenuke. Maso nawo anali atayamba zibwana. Mwana wawo wachisamba, namwino wosaseka ndi matenda, anali atanena kale chimvekere: "Bambo, ndikadzangopeza pokandika pamodzi, makiyi ndinyamula." Ndipo Lamlungu lomwelo ankabwera.

A Nyundo anakhala pa ndowa n'kudzizenga mlandu okha. Dzulo m'mawa analowetsa galimoto m'galaja magalasi ali m'thumba. Basi, anakhula chipilala osamva. Anakachiyendera chipilalacho, koma laimu wake anali mbuu, wopanda bala. Simenti yakale, anaganiza motero, si zamasiku anozi.

Mtima unawawawa kwambiri. Kukalamba kunali kutawapeza ndithu. Masiku amenewa akalowa m'galimoto mawondo ankagunda chiwongolero ngati miyendo yatalika. Galasi loonera kumbuyo linkawaonetsa mpando m'malo mwa msewu. Mafuta ankatha osakumbuka komwe apita. Tsono makiyi akapita, atsala ndani? Nkhalamba ya pakhonde yowerenga magalimoto a eni ake.

Anaitana akazi awo n'kuwaonetsa.

"Mayi, ndaphula ngozi. Chonde mwana uja asamve."

Mayi anayang'ana dzenje, anayang'ana amuna awo, kenako anayang'ana pansi.

"Musadziimbe mlandu kwambiri, abambo. Ine pakamwa panga ndatseka."

A Nyundo anachita kudabwa. Ankayembekeza kunyogodoledwa mpaka chaka chamawa.

Anakweza Dona pa jeke, n'kuchotsa tayala ndi nyali. Zomata phala pa dzenje ankadana nazo, ankati n'zaulesi. Anagwira kachitsulo kosalala kuseri, nyundo yaing'ono kunja, n'kuyamba m'mphepete kulowera pakati. Kho, kho, kho, pang'onopang'ono ngati akugogoda pakhomo pa apongozi. Akamenya kakhumi ankatsinzina n'kusisita ndi chikhatho, chifukwa dzanja silinawanamizepo. M'kati mwa dzenjemo munali timizere ta penti wobiriwira. Anatipala ndi sandipepa uku akupukusa mutu. Maso awa, mpaka laimu woyera kuoneka wobiriwira!

Mayi ndiye anasanduka mngelo. Tiyi ankafika m'galaja asanaitanitse, shuga masupuni atatu, adokotala akanaona akanakomoka. Ankawagwirira tochi, kuwapatsira sipanala, kuwapukuta thukuta. Lachisanu sanapite n'komwe kukwaya. Chikhalirecho Lachiwiri ndi Lachisanu masana sankajomba, ankanyamuka bambo akangoyamba mkonono. Koma tsikulo anati holo ya kwaya ili kutali, miyendo ikuwawa.

"Nanga masiku onsewa mumafikako bwanji?"

"Pang'onopang'ono, abambo."

Loweruka anasakaniza penti, chikasu chatsopano n'kuchizimula pang'ono kuti chifanane ndi chakale, ndipo anapopera katatu. Lamlungu namwino anafika asanavule n'komwe nsapato zakutchalitchi. Anazungulira Dona kawiri, anawerama, ananunkhiza.

"Mukununkha penti muno."

"Bambo ako amapenta shelefu," anayankha mayi msangamsanga, nkhope ili gwa.

Makiyi anatsala pa msomali wake. A Nyundo misozi inalengeza. Mkazi ngati uyu, zaka zonsezi akumuika pambuyo pa galimoto! Anachita manyazi.

Lachiwiri lotsatira anakana kugona masana. Anavala jekete, magalasi pamphuno, kachipangizo m'khutu, n'kuwatsegulira akazi awo chitseko cha Dona.

"Lero simuyenda wapansi. Ndikuperekezani kukwaya."

"Ayi abambo, kapumeni. Tulo tanu tija."

"Kwerani."

"Mafuta adula."

"Mayi, kwerani."

Anakwera, koma ulendo uno sanatsinzine. Njira yonse ankapempha kuti awatsitsire pakona, akuti kuyenda pang'ono n'kwabwino ku miyendo. A Nyundo anangoseka. Munthu wakusungira chinsinsi ungamutsitsire pakona?

Anakhotera pa geti la holo. Geti lobiriwira. Mzati wake wakumanzere unali utapendama, ndipo pamsinkhu wa madigadi panali mzere wachikasu, chikasu chomwe a Nyundo akanachizindikira ngakhale atavula magalasi.

Mlonda anathamanga kudzatsegula, n'kukankhira geti kutali kwenikweni. Anasuzumira pawindo akumwetulira.

"Mwachita bwino amayi, mwapeza dalaivala! Zaka zitatu mukulowa bwinobwino, koma za sabata yatha zija, ine ndinachita kudumphira m'maluwa."