Msomali Wopanda Chithunzi

Panali munthu wina dzina lake Calogero, msodzi wa padoko lina laling'ono ku Sicily. Nkhaniyi ndi yoona, wofuna kutsutsa atsutse.

M'katchalitchi ka padokopo makoma ndi odzaza ndi zithunzi za maboti ali m'namondwe. Msodzi akapulumuka panyanja amapentetsa chithunzi cha tsikulo, Amayi Maria ali pakona yam'mwamba, n'kukachipachika m'menemo. Chimenecho ndi chowinda. Chimodzi chinali cha malemu agogo ake a Calogero, cha penti wamafuta, dzina la boti lawo likuwerengeka bwinobwino.

Chaka chomwe ankakonza denga la katchalitchiko, bambo mfumu anauza banja lililonse kuti liyambe lasunga chake kunyumba. Apo m'pamene panatulukira bwana wina wa ku Milano, wa manja osalala, oti sanagwirepo khoka. Anthu amenewa amanunkhiza ngati mphaka pa nsomba.

"Chithunzi ichi ku okushoni chingachite bwino," anatero bwanayo atachiona pabalaza. "Olemera amakonda nyanja. Koma mayi ali pakonayu akuwononga. Safuna kumapemphera akudya. Timupake mtambo."

Nunzia, mlongo wake wa Calogero, anamva ali kukhitchini.

"Achimwene, chimenecho si chathu. Agogo anapereka kale. Ife tangosungizidwa."

"Iwe Nunzia, Amayi Maria ali ndi zithunzi khoma lonse. Akachiwerenga ndani chimodzi? Ine injini yanga ikutsokomola ngati nkhalamba."

"Mukatero muzikakwera nokha botilo."

Calogero anaseka. Bwanayo anatenga chithunzi, anapakitsa mtambo pamene panali Maria, n'kukachiika pa okushoni ngati chithunzi wamba cha nyanja. Nyundo ya wogulitsa inagunda, chithunzi chinagulidwa. Calogero anagula injini yatsopano.

Denga litatha, mabanja onse anabweza zithunzi zawo. Pakhoma panatsala msomali umodzi wopanda kanthu. Bambo mfumu sanafunse. Anthu ankangouyang'ana, kenako n'kuyang'ana Calogero.

Sipanathe sabata, mkazi wina anachipeza chithunzi chija pafoni, patsamba la okushoni. Dzina la boti linali lomwelo. Pakona panali mtambo. Foniyo inayenda dzanja ndi dzanja pamsika wa nsomba mpaka inafika kwa Saro, bambo amene anakoka khoka ndi Calogero zaka makumi awiri.

M'mawa mwake Saro anabwera padoko n'kutsitsa majombo ake m'boti.

"Ukupita kuti, m'dala iwe?" anafunsa Calogero. "Injini ndi yatsopano iyi."

"Ndaiona. Ndikudziwanso amene wailipira."

"Mwamuna wandevu ukuopa penti?"

"Sindiopa penti. Koma agogo ako anabwezedwa ndi nyanja pa pangano. Iwe wafufuta mboni. Ine ndili ndi ana."

Asodzi ena onse anakana chimodzimodzi. Pamenepo Calogero mantha anamugwira. Anaimbira bwana uja, foni osayankha. Anaimba ku okushoni. Mayi wa mawu okoma anamuuza kuti nyundo ikagunda yagunda, ndipo dzina la wogula saulula. Ndi mmene amachitira anthu a masuti: kutenga n'kosavuta, kubweza kuli ndi malamulo.

Nunzia anamugwira mkono pakhomo.

"Achimwene, kapepeseni kwa bambo mfumu pamaso pa anthu. Saro abwerera. Musapite nokha."

"Ndikagwade pamaso pa ogulitsa nsomba? Nyanja ndimaidziwa ine."

Anapita yekha. Boti lofunika anthu atatu. Masana mphepo ya kum'mwera inadzuka, yamtundu womwe uja wa pachithunzi. Maboti ena anabwerera msanga, poti wina akagwira chiwongolero wina amadula khoka. Calogero analibe womudulira.

Boti analipeza mawa lake, khoka litakola kumbuyo, injini ili bwinobwino. Mwini wake sanamupeze mpaka lero.

Patapita mwezi Nunzia anapita kwa nkhalamba yopenta zithunzi kuti imupentere cha achimwene ake, atseke msomali uja. Nkhalambayo inapukusa mutu.

"Mwanawe, m'menemo timapachika za obwerako okha."

Msomali uja ulipobe.

Phunziro: Chimene makolo anapereka kwa Mulungu si katundu wako, ngakhale chigone m'nyumba mwako. Mlendo wokuuza kuti ufufute amapita kwawo, pamadzi umatsala wekha. Tumizani kwa abale anu onse, makamaka amene wayamba kufunsa mtengo wa zinthu za malemu.