Dimba la Nambala 7

Chaka chilichonse mvula ikatha, makina ochita mayere amasankha mwini dimba la kumtsinje, malo okhawo otsala ndi chinyezi m'mudzimo. Banja lililonse limalembetsa nambala imodzi, ndipo onse olembetsa nambala yopambana amagawana dimbalo.

Nangondo anachenjezeratu amuna ake, a Kadzuwa. "Abambo, makina salota. Nambala zonse mwayi wake ndi umodzi. Sankhani yosakongola, yoti wina sangaikhumbire, kuti tikapata tidye tokha."

Koma a Kadzuwa anali atalota nkhanga zisanu ndi ziwiri, choncho analembetsa 7. Lachisanu makina anatulutsadi 7, ndipo bamboyo anafika pakhomo akuvina.

Mamawa awiriwo anatsetserekera kumtsinje, a Kadzuwa atanyamula khasu, Nangondo atamanga mbewu ya mpiru pansalu. Anapeza anthu ali piringupiringu, mlembi akuyeza ndi chingwe. Mabanja makumi anayi, onse opambana!

"Malotowo munauza ndani?" anafunsa Nangondo.

"Anzanga a pabawo okha. Ndi a kutchalitchi pang'ono."

Mlembi anawalozera gawo lawo, kachigamba kosakwana ndi mphasa yomwe. Nangondo anakayang'ana, kenako anatembenukira kwa amuna ake.

"Khasulo bwererani nalo kunyumba, abambo. Mubwere ndi supuni."