Ndodo ya a Teunis

Wessel anawabereka bambo ake kukwera nawo makwerero, n'kuwakhazika pampando wa pawindo la chipinda chapamwamba. A Teunis Verhoeks ankangomwetulira ngati mwana womugulira nsapato. Zaka zonse zimene akhala kunyumba yosungirako okalamba m'tauni, mwana wawoyu ankabwera pa Khrisimasi pokha, ngakhale jekete osavula. Lero wangotulukira m'mawa, ati tiyeni mukaone nyumba yanu yakale ku Beseni.

"Ukanawatenganso amayi ako," anatero.

"Amayi sangathe ulendo, ababa. Asiyeni apume. Inuyo mukhale pomwepa, anthu aone kuti mukadali moyo."

Ku Beseni ndi dambo la minda lozunguliridwa ndi dayiki, khoma ladothi lotchinga madzi a mtsinje, ndipo lamulo lake ngakhale ana a sukulu amaliloweza. Madzi akafika pamzere wachikasu wa chipilala cha pamlatho, ziweto zichoke. Akafika pa wofiira, anthu achoke, a bungwe la madzi atsegule zitseko za pa dayiki, mtsinje ukhuthulire ukali wake m'Beseni kuti tauni isamire. Koma chitseko sichitsegulidwa mkatimo mukadali munthu, ngakhale mmodzi.

Pawindopo mtsinje sunkaoneka. Ankangoona msana wa dayiki ndi mizere ya timitengo ta maapozi timene Wessel anabzala atagulitsa ng'ombe zonse. Timitengo totere sitipirira madzi, tikangomira mizu kwatha.

"Mtsinje uli bwanji chaka chino?"

"Uli m'tulo, ababa. Ndi mzere wachikasu womwe sunaufike."

Anawafunditsa bulangeti m'miyendo yakufayo, n'kuwaikira pafupi msuzi wa nsawawa wotentha, wa soseji, monga ankaukondera. Foni yawo anaitenga kuti akaitchaje m'galimoto. Njinga yawo ya olumala inatsala pansi, pakhomo. Chimene anawapatsa m'manja ndi ndodo yawo yakuda ija, yamutu wopindika.

"Mukaona anthu pa dayiki, muwakwezere ndodoyi. Ambiri ndi ana a anzanu."

Atatero anatsika, galimoto n'kulira, n'kupita.

A Teunis anachita manyazi okhaokha. Kangati konse anawauza akazi awo, a Geertje, kuti anabereka mwala osati mwana? A Geertje ankangoti munthu amasintha, dikirani. Nayu wasintha. Anavuula soseji imodzi mumsuzi, n'kuikulunga m'kansalu kuti akawapatse madzulo. Chipinda cha a Geertje kunyumba ya okalamba ija chili pansi, kumsewu wotsika wa kudoko kumene chinyezi chimakwera makoma, ndipo chakudya cha kumeneko mchere sumveka. Soseji ya kwawo ikawasangalatsa.

Chakumasana pa dayiki panayamba kudzaza anthu. Majekete achikasu, galimoto zamagetsi abuluu, onse maso panyumba yawo. Mtima wa mkuluyo unasungunuka. Kani Wessel wamemeza dera lonse kuti lidzawaone! Anakankha windo, mphepo yozizira n'kuwamenya kumaso, ndipo anakweza ndodo m'mwamba.

Palibe anabweza moni. Maso a mkuluyo anali atafooka, choncho anatsinzina diso limodzi, n'kuloza ndi ndodo munthu wamtali amene anali patsogolo.

"Iwe! Si iwe mwana wa Huib wophika buledi uja?"

Anthu onse aja anadzigwetsa pansi chafufumimba. A Teunis anaseka mpaka kutsokomola.

"Ana a masiku ano! Kaudzu konyowa komweko mpaka kugwa nonse?"

Analozanso wina, nayenso anakwawira kuseri kwa galimoto. Anapitiriza masewerawo mokondwa, uku akusunga nkhani yonse mumtima kuti akawasimbire a Geertje. Kutali, cha kutauni, kunkamveka kulira kwa masaireni, koma tauni simasowa phokoso.

Kenaka anazindikira jekete lobiriwira la Wessel. Mwana wawo anali ataima kuseri kwa galimoto ya polisi, nkhope ataibisa m'manja, wapolisi wamkazi akumusisita paphewa. Chisoni chinawagwira. Mwana wanga akulira poona bambo ake ali pakhomo pawo, anaganiza choncho, n'kumukwezera ndodo pamwamba kuposa onse.

Chimkuzamawu chinakhosomola.

"Bambo Verhoeks, ikani mfuti pansi! Mwana wanu watiuza kuti mwadzitsekera m'nyumbamo, ndipo mwalumbira kuwombera aliyense woyandikira. Mzere wofiira unamira m'mawa, koma chifukwa cha inu sitinatsegule zitseko. Madzi alowa kale m'tauni, ndipo ayambira kumsewu wa kudoko."