Magazi a Enifa Alibe Mankhwala

Enifa anaika botolo lopanda kanthu patebulo, monga ankachitira Lachinayi lomaliza la mwezi uliwonse. Sophie, namwino wa kafukufuku, sanalikhudze n'komwe. Anali atatsamira pepala lochokera ku Blantyre, ndipo pepalalo linkati m'magazi a Enifa mulibe mankhwala ngakhale pang'ono.

Kafukufukuyo ankayesa mankhwala atsopano a matenda a kukhumudwa, aja amene amalanda munthu tulo, chakudya ndi mtima wofuna kukhala ndi moyo. Anthu ankalowa mwa kufuna kwawo. Koma lamulo linali louma: wosamwa mankhwala achotsedwe, ndipo botolo lina asalionenso.

Mayiyu Sophie anali atayamba kale kumukayikira. Odwala ena pabenchi panja paja ankangokhala ali zyoli, moni kuyankha ndi mutu. Enifa ayi ndithu. Ankatulukira pachipata akuseka chikhakhali ndi alonda, dengu la nthochi lili pamutu, thupi lili see. Koma akangolowa m'chipinda n'kuyamba kufunsidwa mafunso, ankayang'ana kaye kudenga, kenako n'kumayankha pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu amene waloweza phunziro. Mwezi woyamba ankati tulo kulibe, chakudya sichilowa, maganizo odzipha sachoka. Pofika mwezi wachinayi ankati zayamba kupepuka. Kuchira kotani ndi mankhwala amene sanalowe m'thupi?

Ndiye kwawo kwake, ku Muloza, pamalire a Mozambique, pomwe chilichonse chimapeza wogula. Apa Sophie sanafunikire woombeza. Mapiritsi akuwolokera kutsidya ku Milange basi, anthu akumeza zinthu zosazidziwa. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti tsiku lomwe Enifa analembedwa malo anathera pa iye, ndipo mayi wina wodwaladi anabwerera pakhomo pomwepo akupukuta misozi ndi chitenje.

"Mayi, mapiritsi aja akuyenda bwanji?" anafunsa Sophie.

"Tsiku silidumpha, anesi. M'mawa uliwonse likangotha phala."

"Magazi anu akukana. Munthu amanama, magazi sanama." Sophie anasolola fomu m'kabati. "Lero ndikukuchotsani. Koma mundiuze kaye amene mukumugulitsa, munthu asanafe nazo."

Nsangala zonse zinamuthera Enifa. Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, misozi ikutsika.

"Musatero, anesi. Ndagwira mwendo wanu."

Misozi yotere Sophie anali ataiona yambiri, ndipo sinamugwire mtima. Wakuba akagwidwa ndiye amadziwa kulira. Analemba tsiku pamwamba pa fomuyo, analemba dzina, n'kuitembenuzira kwa Enifa pamodzi ndi inki yodindira chala.

Enifa anabisa manja pamiyendo.

"Sindinagulitsepo n'limodzi lomwe," anatero motsitsa mawu. "Wodwala si ine, ndi a Hopewell, amuna anga. Chitengereni mwana wathu madzi a namondwe wa Freddy anasiya kulankhula, koma akuti mwamuna sangakhale pabenchi kudzanena kuti akulira. Mayankho onse aja ndi awo, mapiritsi akumwa ndi iwo, ine ndimangowayendera. Sabata yathayi apempha chingwe chimene ndinawabisira poopa kuti angadzimangirire nacho, ati akamangire mbuzi, ndipo ine ndawapatsa. Mukandichotsa lero, anesi, ndikawalandenso?"