Masamba Pamsewu

Chichotsereni lamulo loti msewu wa boma uzikhala ndi powolokera anthu, kampani inadutsitsa phula pakati pa mudzi wathu. Nyumba zinatsala mbali ino, mjigo ndi manda mbali inayo. Malole opanda dalaivala amathamanga osalekeza, ndipo amaima Lachitatu m'mawa mokha, makina akamasesa msewu.

Lachitatu ndiye timatunga madzi a sabata yonse. Kusamba timasamba a m'kapu. Otsukira mbale timathirira mpiru.

Atamwalira a Nangondo, oyandikana nafe, amuna anayala masamba pamsewu monga mwa mwambo, kuti magalimoto adziwe kuti pali maliro. Lole ilibe maso, ilibe m'bale. Inaponda masambawo n'kupitirira. Mtembo unadikira m'nyumba mpaka Lachitatu, ife tikufukiza bulugamu kuti fungo lichepe.

Kuchokera pamenepo adzukulu, okumba manda aja, amakumbiratu dzenje limodzi Lachitatu lililonse, poti nthawi yokumba ndi kuika tsiku lomwelo sikwana. Kale kukumbira munthu wamoyo anali malodza. Lero akuti n'kukonzekera.

Bambo anga, a Dzoole, agona pamphasa chiyambire mvula. Dzulo malole atakhala chete, anamva makasu kutsidya.

"Nasibeko," bambo anaitana amayi, "manda akukumbawo ndi a ndani?"

"Sanatchule dzina, bambo."

"Nanga ndikapita mawa?"

Amayi sanatukule mutu. Anapitiriza kusita jekete la bambo la kutchalitchi lija.

"Mwapirira zambiri m'dziko muno," anatero. "Pirirani mpaka Lachiwiri."