Kapitawo Anangoti "Wapita"

Mayi wina anaika gambutsi imodzi patebulo la kalaliki wa pafamu, matope akadali kunsi kwake.

"Ndabweza katundu wanu. Inzake anaidula kuchipatala, thirakitala itawagwera amuna anga. Akuti omwalira pantchito mumawalemba. Ndionetseni pamene mwawalemba."

Kalaliki anatsegula buku la ovulala ndi omwalira. Tsamba la mwezi umenewo linali loyera mbee, lomwe abwana analiyamikira dzulo lake. Dzina la mwamunayo analipeza m'buku lina, la osiya ntchito, lolembedwa ndi dzanja lake lomwe.

"Pepani mayi. Tsiku lija kapitawo anangosuzumira pakhomopa n'kunena kuti, 'Uja wapita.' Ine ndimayesa wapita kwawo."

"Ndiye chifukwa chake eti? Pamaliro ndinkangoyang'ana kumsewu, osaona munthu wa kuno ngakhale mmodzi." Analoza bukulo ndi chala. "Fufutani. Zaka khumi amuna anga sanajombepo. Asiye ntchito lero atagona m'manda?"

Kalaliki anafufuta, n'kulemba dzinalo pamwamba pa tsamba loyera lija.

Mayiyo anadikira mpaka inki itauma. Kenako ananyamulanso gambutsi ija, kuikumbatira pachifuwa, n'kutuluka nayo.