Nkhope ya Pakhoma la Chipatala

Atafika pachipatala, mayi wina wamasiye anapeza mlonda atakwera pampando, akumatula amuna ake pakhoma.

"Iwe! Chotsa manja akowo!"

"Pepani mayi, ndangotumidwa. Kwabwera othandiza ena ochokera kunja, akufuna chithunzi chawo apa."

Pachithunzi chimene ankamatulacho, bambowo ankaseka, dzino lawo lobenthuka lili poyera, atanyamula kabotolo ka mapiritsi. M'munsi munalembedwa kuti mayiko agwirana manja, mankhwala a malungo otsika mtengo ali m'njira. Anawajambula ali pamzere pomwepa, n'kuwalanda kabotoloko atangomaliza. Amene anafika msanga ndi malungo.

Kunyumba kunalibe chithunzi chawo china. N'chifukwa chake mayiyo ankabwera kudzakhala pabenchi loyang'anizana nacho ngakhale asakudwala.

"Ndi amuna anga amenewo. Ndipatse."

"Aa, bambo osekawa? Ali bwanji masiku ano?"

"Ali kumanda. Akudikirabe mankhwala anuwo."

Mlonda anatembenukiranso kukhoma. Anayamba kukanda pang'onopang'ono ndi chikhadabo, koma guluu anali atagwira zolimba. Pepala linang'ambika pakhosi. Nkhope inatsalira pakhoma, mayiyo n'kulandira mawu aja ndi dzanja logwira kabotolo.

"Bodzali ndikatani nalo?" Analiponya pansi.

Mlonda anatenga guluu. Anamata chithunzi chatsopano pamwamba pa nkhopeyo, cha mtsikana womwetulira, n'kunyamula mpando wake kumapita.

Mayiyo anatsala yekha. Anasisita pepala latsopanolo mpaka chala chinapeza pamene panatumphuka.

"Akukwiriraninso kachiwiri, bambo," anatero. "Ulendo uno popanda ngakhale nyimbo."